Sabata imodzi kumpoto kwa Alberta, m'dera la Central Peace-Notley

Lolemba, Valleyview

Tafika ku Valleyview cha m'ma 7 madzulo koma dzuwa likadali phwee, kuno mwezi wa July mdima umayamba 10 koloko itadutsa kale. Tinanyamuka ku Edmonton m'mawa ndi alamu anga, iwowo ali ndi kaganyu kokasiya masipeya a makina a kumunda m'matauni angapo akumpoto kuno, ine ndili pa holide nde ndinangoti alamu ndikwere nawo, mafuta tigawana. Msewu wake ndi Highway 43, makilomita pafupifupi 350, umadutsa pa Whitecourt kenako Fox Creek, ndipo mukangopitirira Whitecourt ndi mitengo yokhayokha, mathiraki a zipika, mathiraki a makampani a mafuta ndi gasi, ndi zikwangwani zochenjeza kuti samalani mungagunde moose, chinyama chachikulu cha m'tchire.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndi nkhani za ndale sitisiyana, nde musadabwe kuti ulendo wa masipeyawu ndaupezera ntchito ina. Matauni onse amene alamu akukasiyako katundu ali m'dera limodzi la phungu, lotchedwa Central Peace-Notley. Ndifotokoze kaye pang'ono kwa amene simuli kuno. Canada ili ndi boma lalikulu ku Ottawa, komanso chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, nyumba ya malamulo yakeyake, nduna zake, ndi mtsogoleri amene amamutcha Premier. Zipatala, masukulu, misewu yambiri, zonsezi ndi za boma la chigawo, nde chisankho chake anthu sachitenga mwachibwana. Ku Alberta aphunguwa amawatcha ma MLA, pa chisankho cha 2023 mipando inalipo 87, ndipo kavotedwe kake ndi kaja kaja tikukadziwa pa aphungu, amene wapeza mavoti ambiri watenga basi olo asafike theka.

Chimene chandikoka ndi dzinalo. Notley ameneyu ndi Grant Notley, yemwe anali mtsogoleri wa chipani cha NDP, chipani cha mabungwe a anthu apantchito, chija anthu akumidzi ya Alberta amachinena kuti cha masoshalisti. Anali phungu wa kuno kuyambira 1971 mpaka imfa yake mu 1984. Koma dera lomweli lero, lonyamula dzina lake, pa chisankho cha 2019 ndi cha 2023 linapereka mavoti pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse kwa munthu wa UCP, chipani cha a conservative chimene ndi mdani weniweni wa NDP. Alamu akuti palibe chodabwitsa, anthu akumidzi kuno ndi a conservative kuyambira kale basi. Ine ndikuti ayi alamu, ndiye Notley anapambana bwanji kanayi konse. Tatsutsana kuyambira Whitecourt mpaka pofika.

Motelo yake ndi yabwinobwino, panja padzaza mapikapu a matope. Udzudzu wa kuno ndi waukulu zoopsa koma ulibe malungo.

Lachiwiri, Falher

Kuchoka ku Valleyview talowera kumpoto pa Highway 49, ndipo patangopita kanthawi mitengo ija inatha, dziko linangotseguka, minda ya canola, mbewu yoyengera mafuta ophikira, yachita maluwa chikasu mbali zonse mpaka pomwe maso alekezera. M'mphepete mwa minda muli timabokosi ta njuchi tosanjikizana, tina toyera tina topaka utoto, atizinga ndi waya wamagetsi kuopa zimbalangondo. Falher amadzitcha likulu la uchi la Canada ndipo m'tauni muli chiboliboli chachikulu cha njuchi, aliyense wodutsa amaima n'kujambulitsa, nafenso tajambulitsa. Ndagula botolo la uchi woyera, wolimba woti umachita kupala ndi mpeni. Chinandidabwitsa ndi Chifalansa. Falher, Donnelly, Girouxville, matauni onsewa anayambitsidwa ndi anthu olankhula Chifalansa amene anabwera cha m'ma 1912 kumka mtsogolo motsogozedwa ndi ansembe a Katolika, ndipo mpaka pano mu shopu mumva agogo awiri akucheza m'Chifalansa kenako n'kutembenukira kwa iwe m'Chingerezi.

Pamene alamu amatsitsa katundu ine ndinakhala m'galimoto n'kumayang'ana mapu a derali pa foni. Ndi lalikulu kuposa chigawo chonse chapakati cha Malawi, kuyambira Kasungu mpaka Ntcheu, koma anthu ake pamene ankadula malire mu 2017 anali pafupifupi 29,000 okha, pamene dera wamba ku Alberta linali ndi anthu pafupifupi 47,000. Lamulo limati dera lisaposere kapena kuchepera ndi 25 pa 100 poyerekeza ndi madera ena, koma limalola madera ochepa, osaposa anayi, akutali ndi a anthu obalalika, kuti achepere mpaka theka. Pa malire a 2017 aja lino linali limodzi mwa amenewo, lina linali Lesser Slave Lake loyandikana nalo.

Ndiye kuti voti ya mlimi wa ku Falher imalemera kuposa ya alamu ku Edmonton, ndipo alamu zimenezi zimawawawa, iwo ndi nzika tsopano ndipo anavota 2023, ine sindinafikepo. Akuti munthu mmodzi voti imodzi, zinazi ndi kukondera akumidzi chifukwa ndi amene amavotera boma. Mbali ina akunena zoona, lamulo limeneli chipani cholamula sichingalikhudze chifukwa chimadyerapo. Koma nditaona mtunda wake lero ndayamba kufewa, phungu wa mu Edmonton dera lake amalizungulira pa njinga, wa kuno kuti achoke ku Fox Creek kukafika kumalire ndi British Columbia ndi ulendo wa maola angapo, m'chisanu cha January, usiku, msewu wozizira ngati galasi. Mukalikulitsanso ndiye kuti anthu phungu azingomuonera pa Facebook.

Ndipo lakhala likukula ndithu. Mu 1971 linali Spirit River-Fairview, kadera kozungulira matauni awiriwo. Mu 1986 linasanduka Dunvegan, mu 2004 Dunvegan-Central Peace, mu 2012 anawonjezera dzina la Notley, mu 2019 n'kukhala Central Peace-Notley atalilumikiza ndi Valleyview ndi Fox Creek kummwera. Chifukwa chake mumachiona ndi maso mukamayenda, minda ikukula, makina akukula, anthu akuchepa. Munda umene kale unkadyetsa mabanja angapo pano akulima bambo mmodzi ndi mwana wake pa thirakitala ya mawilo asanu ndi atatu, ana enawo ali ku Grande Prairie kapena ku Edmonton. M'njira tadutsa nyumba zakale zamatabwa zingapo zitapendekeka pakati pa canola, mlimi amangozilambalala polima. Nde tikamati dera ili linavotera Notley tizikumbukira kuti si dera lomwelo ndendende, anthu a mafuta a ku Fox Creek nthawi ya Notley sanali m'kaundula wake.

Kanthu kena koseketsa, dzina la Notley analiyika ndi a boma la PC (Progressive Conservative, chipani cha a conservative chimene chinkalamula nthawiyo), adani ake aja, osati a NDP. Kuno ali ndi chizolowezi chotcha madera mayina a akuluakulu andale akale, kuli Calgary-Lougheed, Calgary-Klein, Edmonton-Manning. Munthu ukafa adani amakukonda.

Lachitatu, Dunvegan

Lero ndiye tsiku limene ndasangalala. Tinadzera ku Rycroft ndi Spirit River m'mawa, timatauni tating'ono ta njanji ndi nkhokwe zazitali za tirigu, kenako tinakhotera kumpoto pa Highway 2. Ukuyenda pa chigwa chosalala osayembekezera kalikonse, mwadzidzidzi msewu umangoyamba kutsetsereka mokhotakhota ndipo pansi pakepo pali mtsinje wa Peace, waukulu, wamadzi a matope, ndi mlatho wolenjekeka pa zingwe zachitsulo wopaka utoto wachikasu. Anautsegula mu 1960, ndipo ndi wautali kuposa milatho yonse ya mtundu umenewu yodutsa magalimoto mu Alberta. Usanamangidwe anthu ankaoloka pa pantoni, nthawi yachisanu pamwamba pa madzi oundana, ndipo pakati pa nyengo ziwirizi, madzi akamaundana kapena kusungunuka, kuoloka kunali kovuta zedi. Tsidya lino ndi tsidya linalo anali ngati maiko awiri, nde dera la Spirit River-Fairview la 1971 linali kulumikiza anthu amene mlatho unali utangowalumikiza zaka 11 zokha.

Pansi pa mlatho pali malo a mbiri yakale. Apa panali malo a malonda a zikopa amene anakhazikitsa Archibald Norman McLeod wa North West Company mu 1805, dzina la Dunvegan analitenga ku nyumba yachifumu ya kwawo ku Scotland. Eni nthaka ndi a Dane-zaa, amene azungu ankawatcha Beaver, ndipo dziko lonseli lili pansi pa pangano la Treaty 8 la 1899. Katchalitchi ka mishoni ya St. Charles kakadalipo, kazipika zosema ndi nkhwangwa, ukayandikira umaona mabala a nkhwangwayo pa chipika chilichonse, m'kati muli fungo la matabwa akale ndi zithunzi zojambula pamanja kuguwa. Mtsikana wotionetsa malo, wa ku koleji amene akugwira ganyu ya holide, anatifunsa kuti kwanu n'kuti, titamuuza anati aa kuli nyanja yaikulu ija eti. Alamu anasangalala mpaka anamugulira ayisikilimu.

Tsopano za 1971. Kuti mumvetse muyambe ndi Social Credit, chipani chimene chinalamula Alberta zaka 36, kuyambira 1935. Anachibweretsa ndi William Aberhart, mphunzitsi yemwe ankalalikanso pa wailesi, nthawi ya umphawi wadzaoneni, polonjeza kuti munthu wamkulu aliyense azilandira 25 dollars pamwezi. Ndalamayo sinabwere mmene analonjezera koma chipanicho chinakhazikika, Ernest Manning analamula kuyambira 1943 mpaka 1968, mafuta anapezeka, ndipo kumidzi kuno Social Credit inali ngati mpingo. Phungu wa Spirit River anali Adolph Fimrite, anakhalapo kuyambira 1952. Mu 1971 kunabwera mphepo ya Peter Lougheed ndi chipani cha PC, anatenga mipando 49 mwa 75, Social Credit 25, wotsalawo umodzi ndi umene anatenga Grant Notley kunoko, kugwetsa Fimrite ndi mavoti ochepa.

Apa ndi pamene alamu anandigwira. Akuti waona, a conservative anagawana mavoti, ena ku Social Credit ena ku PC, mnyamata wa NDP n'kudutsa pakati. Ndipo masamu akuwavomereza. Ndinawauza kuti chikhala kuti Alberta sinasinthe kavotedwe mwina nkhani ikanakhala ina, chifukwa kuyambira chisankho cha 1926 mpaka cha 1955 madera akumidzi kuno ankavota mosanja, woyamba uyu wachiwiri uyu, ndipo ngati palibe wafika theka ankachotsa wotsalira n'kugawa mavoti ake mpaka wina apose theka. Boma la Social Credit ndi limene linathetsa zimenezi mu 1956. Ife tinavutika mpaka kukhothi mu 2020 kuti pa mtsogoleri wa dziko pakhale 50+1, kuno anali nazo pa aphungu kale kale n'kuzitaya okha.

Koma kugawana mavoti kukufotokoza 1971 yokha. Sikukufotokoza 1975, 1979 ndi 1982, pamene Social Credit inali ikufa ndipo Lougheed ankasesa pafupifupi chilichonse. Tagona ku Fairview, makilomita ochepa kuchokera pa mlatho.

Lachinayi, Fairview

Fairview ndi tauni ya anthu pafupifupi 3,000, taipeza ili ndi chipatala, kampasi ya koleji yophunzitsa za umakaniko ndi za ziweto, msewu waukulu umodzi wa mashopu, ndi malo ogulitsa mathirakitala amene ndi aakulu kuposa china chilichonse m'tauni. Alamu anali ndi ntchito tsiku lonse nde ine ndinangokhala pa malo ena omwera khofi pomwe madala a mafamu amasonkhana m'mawa, zipewa za makampani a mbewu kumutu, makapu osatha. Munthu wakuda wachilendo pa tauni ngati iyi sutenga nthawi kuti wina akufunse, ndipo mdala wina wa ndevu zoyera, zala zake zokhota ndi ntchito, anandikokera mpando. Nditatchula za Notley anaseka n'kunena kuti bambo ake ankadana ndi NDP moyo wawo wonse koma Grant ankamuvotera, ndipo iyeyo naye voti yake yoyamba inapita kwa Grant, pano amavotera UCP ndipo saona kuti pali chimene chasintha mwa iye. Anati munthu uja ukamuimbira za msewu kapena za ngongole ya famu ankabwera yekha pakhomo, n'kukhala pa tebulo la kukhitchini, ndipo sabata yotsatira umamva nkhani yako ikunenedwa ku Edmonton. Anzake pa tebulopo ankangogwedeza mitu, mmodzi anati komanso kunali kukoma kukhala ndi munthu mmodzi woti Lougheed azimuopa.

Mawu omalizawo ndi amene ndakhala ndikuwaganizira. Notley sanali wa kuno, anabadwira ku Didsbury kummwera mu 1939, anakhala mtsogoleri wa NDP mu 1968 alibe mpando, anayesa madera ena n'kugwa, kenako anabwera kudzakhazikika kuno. Kwa zaka 11, kuyambira 1971 mpaka 1982, anali yekhayekha wa chipani chake m'nyumba ya malamulo. Mu 1975 a PC anamuthamangitsa zedi, anapulumuka ndi mavoti owerengeka. Mu 1982 PC inatenga mipando 75 mwa 79, NDP iwiri, iye ndi Ray Martin wa ku Edmonton, inayo iwiri oyima paokha, ndipo ndi aphungu awiri okhawo Notley anakhala mtsogoleri wa otsutsa boma. Tangoganizani, anthu a kuno ankadziwa bwinobwino kuti munthu wawo sadzalowa m'boma, sadzakhala nduna, sangawabweretsere chitukuko cha chipani cholamula, koma ankamubwezabe. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti mukavotera otsutsa msewu simuuona, zimenezi n'zachilendo.

Komanso si kuti maganizo ake anali achilendo kwenikweni kuno. Alimi a Alberta ndi amene anayambitsa Wheat Pool mu 1923 kuti azigulitsa tirigu pamodzi osadyeredwa ndi makampani, ndipo chipani cha alimi, United Farmers of Alberta, chinalamula kuyambira 1921 mpaka 1935. Makopaletivi a magetsi, a gasi, a mafuta, anthu akumidzi anazolowera kuchitira zinthu pamodzi ndi kukayikira mabanki, njanji ndi akuluakulu a m'tauni. Notley ankalankhula chinenero chimenecho. Nde ine mmene ndikuonera anthu a kuno sanasinthe kuchoka kumanzere kupita kumanja, chimene akhala akufuna ndi munthu amene akumudziwa, woti akapita kutali kuja akayankhe mabwana mosaopa. Chimene chinasintha ndi amene akumuona kuti ndi bwana. Nthawi ya Notley anali makampani ndi boma la PC, pano ndi Ottawa ndi anthu a m'mizinda.

Imfa yake aliyense wachikulire kuno amakumbukira pamene anali atamva. Usiku wa pa 19 October 1984 anakwera kandege kakang'ono ku Edmonton kubwerera kumudzi, munali anthu 10, nyengo inali yoipa, ndipo kanagunda phiri la mitengo pafupi ndi High Prairie. Anthu 6 anafa, Notley ali m'gulu lomwelo, ali ndi zaka 45. Anapulumuka anayi, woyendetsa ndege, nduna ya zanyumba ya boma la PC Larry Shaben, wapolisi, ndi mkaidi amene wapolisiyo ankamuperekeza. Wapolisi uja anali atamumasula unyolo mkaidiyo m'ndegemo, ndipo ndi mkaidi yemweyo amene anamufukula m'zigumu za ndege n'kumupulumutsa, anayiwo n'kuchezera usiku wonse pa moto m'chipale mpaka owapulumutsa atafika. Mdala uja pofotokoza anati nkhani imeneyi ukaiika mu filimu anthu angati wawonjeza.

Pa chisankho chachibwereza cha February 1985 anthu anasankha Jim Gurnett wa NDP, mphunzitsi. Koma mu 1986, chaka chimene NDP inachita bwino kuposa kale lonse, mipando 16 pansi pa Ray Martin, yambiri ku Edmonton, mpando wa Notley weniweniwo unapita kwa Glen Clegg wa PC. Chipani chinakolola m'tauni zimene iye anadzala, kumudzi kwake n'kutaya. Madzulo nditawafotokozera alamu anati ndiye ukuvomereza kuti sankavotera NDP. Ndinati eya, koma inunso muvomereze kuti sankavotera conservative, ankavotera Grant. Tagwirizana pamenepo, kwa lero.

Lachisanu, Hines Creek

Tapita ku Hines Creek m'mawa, kamudzi komwe njanji inkathera, kali ndi kamyuziyamu kotchedwa End of Steel. Sitinakhalitse, mvula inayamba ndipo alamu amaopa msewu wa miyala ndi galimoto ya eni. Nde ndilembe za zaka za pakatipa ndili mu motelo.

Kuchokera 1986 PC inagwira derali zaka 29. Clegg mpaka 2001, kenako Hector Goudreau, wa ku mbali ya olankhula Chifalansa ija, yemwe anakhalaponso nduna. Koma ngakhale pamenepo mtima wopanduka uja sunafe, mu 2004 kachipani katsopano ka Alberta Alliance, kotsutsa PC kuchokera kumanja, kanatsala pang'ono kumulanda Goudreau mpando, kusiyana kunali mavoti mazana ochepa. Ndipo mu 2012 kunatuluka kalata imene Goudreau analembera akuluakulu a masukulu ena m'dera lake, yowachenjeza kuti kudandaula poyera za sukulu yowonongeka kungachedwetse ndalama za sukulu yatsopano. Inachita phokoso m'chigawo chonse. Nde zija ndimati n'zakwathu zokha zija, kunonso ziliko, kungoti kuno amalemba pa pepala la ofesi n'kusaina kkkk.

2015 ndi chaka chimene palibe amene ankayembekezera. Mtengo wa mafuta unali utagwa, PC itatopetsa anthu patatha zaka 44, Premier Jim Prentice anaitanitsa chisankho msanga, ndipo NDP inali ndi mtsogoleri watsopano, Rachel Notley, mwana wa Grant, amene anakulira konkuno ku Fairview ndipo anali ndi zaka 20 pamene bambo ake ankamwalira. Utsogoleri wa chipani anautenga mu October 2014, zaka 30 chichitikireni ngozi ija. Pa 5 May 2015 NDP inatenga mipando 54 mwa 87, ndipo kuno anapambana Marg McCuaig-Boyd, mayi amene anali mphunzitsi komanso mkulu pa kampasi ya koleji ya Fairview. Rachel anamupatsa unduna wa zamafuta ndi mphamvu, umene ku Alberta ndi unduna wolemera zedi. Manyuzipepala anakonda nkhaniyo, dera la bambo labwerera kwa mwana. Koma apa ndiwapatse alamu zawo, mayiyo sanafike ndi 40 pa 100 yomwe, otsalawo anagawana PC ndi Wildrose, chipani china cha a conservative, chimodzimodzi 1971.

Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno munthu wawo anali m'boma, ndipo boma ndi limene linayamba kuwakwiyitsa. Chaka chisanathe kunabwera Bill 6, lamulo loti antchito a m'mafamu akhale ndi inshuwalansi ya ngozi ndi malamulo a chitetezo ngati antchito ena onse. Pa pepala ndi lamulo labwino ndipo ine ndikanalivotera, munthu wodulidwa mkono ndi makina pa famu asamangouzidwa pepani. Koma analibweretsa mothamanga osafunsa eni ake, alimi anamva ngati boma likufuna kuletsa ana awo kuthandiza pa famu ya banja, anakhamukira ku Edmonton ndi mathirakitala, ndipo pamene boma linkakonza kuti achibale sakukhudzidwa madzi anali atatayika kale. Mu 2017 kunabwera msonkho wa carbon pa mafuta ndi gasi, kwa munthu amene chipatala chili pa mtunda wa ola ndipo nyumba amaitenthetsa miyezi isanu ndi iwiri. Chaka chomwecho PC ndi Wildrose zinaphatikizana kukhala UCP pansi pa Jason Kenney. Malire anasintha, Valleyview inalowa, ndipo mu April 2019 nduna ija inakumana ndi Todd Loewen, phungu mnzake wochokera ku Wildrose yemwe kwawo ndi ku Valleyview komweko. Sipanakhale mpikisano. Loewen anatenga pafupifupi 75 pa 100.

Loweruka, pobwerera

Tadzuka 5 koloko kunja kutayera kale, tadzera ku Grande Prairie kuti alamu akatenge zina zobwerera nazo, kenako Highway 43 kulowera kummawa. Pafupi ndi Sturgeon Lake ndi cha ku Fox Creek muli malo amene mitengo yaima yakuda bii, yopanda nthambi, pansi pamera maluwa ofiirira ndi timitengo tatsopano tofika m'chiuno. Ndi moto wa May 2023. Unabuka kampeni ili m'kati, anthu a ku Fox Creek anasamutsidwa tauni yonse, a ku Valleyview nawonso, ndipo ku Sturgeon Lake Cree Nation nyumba zambiri zinapsa. Chisankho chinachitikabe pa 29 May, anthu ena atangobwerera kumene m'nyumba zawo.

Za Loewen ndi zimene zinatitengera mtunda wonse wa lero. Munthuyu ndi mlimi komanso ankachita bizinesi yoperekeza alenje m'tchire, ndipo pa maganizo ali kutali ndi Grant Notley mmene mungaganizire. Koma tamverani zimene anachita. Mu May 2021, nthawi ya malamulo a Covid, iye ali wapampando wa aphungu a UCP, analemba kalata poyera kutula udindowo n'kuuza Kenney, Premier wa chipani chake chomwe, kuti atule pansi. Tsiku lomwelo aphungu anzake anavota kumuchotsa m'gulu lawo limodzi ndi Drew Barnes, anakhala woyima payekha kupitirira chaka. Kwathu tikanati wadzimwetsa tameki. Koma chaka chotsatira Kenney anapeza 51.4 pa 100 yokha pa voti ya mamembala n'kulengeza kuti akuchoka, Loewen anapikisana nawo pa utsogoleri, sanapambane, Danielle Smith atatenga mpando mu October 2022 anamubweza n'kumupatsa unduna wa zankhalango ndi mapaki. Mu 2023 anthu a kuno anamubweza ndi mavoti ochuluka ngati poyamba paja. Sanamulange chifukwa chotukula mutu, ndipo madala a pa khofi aja mmene ankamutchulira, kalata ija ndi imene inamukweza.

Ndinati alamu mwaona, ndi mtundu womwewo wa munthu, wakwathu, wopezeka, wosaopa bwana. Alamu akuti ndikukometsera, Notley ankamenyera ogwira ntchito ndi osauka pomwe uyu ankamenyera kuti matchalitchi ndi malesitilanti asatsekedwe nthawi ya mliri, kuwayika pamodzi n'kunyoza malemu. Akutinso pano munthu wa NDP olo atakhala wabwino chotani, olo atamwa khofi m'khitchini iliyonse kuyambira Fox Creek mpaka Hines Creek, sangadutse, chifukwa masiku ano anthu amavotera mtundu wa chikwangwani ndipo nkhani amazitenga pa foni osati kwa phungu. Pamenepo sindinawatsutse kwambiri. Mu 2023 NDP inatenga mipando yonse 20 ya mu Edmonton ndi yambiri ya ku Calgary, 38 yonse pamodzi, UCP 49, ndipo kumidzi ngati kuno kunali buluu wa UCP yekhayekha. Chipani cha Grant chinasanduka cha m'tauni, mtsogoleri wake pano ndi Naheed Nenshi amene anali meya wa Calgary, Rachel anatula mu 2024. Njira yokhayo imene ndikuiona ndi ija ya 1971 ndi 2015, a kumanja atagawikananso, ndipo ku Alberta zimenezo sizitenga nthawi yaitali kuti zichitike.

Tamwetsa mafuta pa Whitecourt, alamu akuti gawo langa ndiwatumizire pa foni ndisanaiwale. Chisankho chotsatira boma linachisuntha, sichidzakhalanso mu May koma mu October 2027, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi moto womwewu, kuti kampeni isamakumanenso ndi nyengo yosamutsa anthu. Otsutsa anati ndi njira yongodziwonjezera miyezi isanu. Alimi nawo October ndi nthawi imene amakhala akumalizitsa kukolola canola chipale chisanagwe, nde kaya misonkhano ya kampeni adzapitako ndani.